Mlatho Upatsidwe Mpata Woyankha

Aise, wafika? Khala apa. Siya kaye kusuzumira masitetasi a anthu amene sakukufuna, bandulo yakoyo igwireko ntchito yanzeru kamodzi kokha. Ndikuuze za ku Zonsenzoona.

Zonsenzoona ndi ufumu. Pamapu usaufune, wojambula mapuwo akudikirabe kumva mbali inayo. Likulu lake ndi Mwinamwake, ndipo mfumu yake ndi Ndamvakale Wachitatu, bambo wofatsa, wokonda tiyi wa mkaka, amene chilowereni ufumu sanalolepo munthu kumaliza zimene akunena.

Ufumu wonsewu uli ndi wailesi imodzi, Wailesi ya Pakatikati. Kale wailesi imeneyi inkangonena zinthu. Mvula ikagwa, inkati mvula yagwa. Feteleza akasowa, inkati feteleza wasowa. Anthu ankaipachika pamtengo akamalima, ndipo pamkangano wina akangoti "ndamva pa wailesi", onse ankabwerera kumakasu awo.

Zinasokonekera tsiku la perete wa amfumu. Kunagwa chimvula choti nthenga za pachisoti chachifumu zinagona ngati za nkhuku yovuulidwa m'chitsime. Wailesi inalengeza kuti mvula yasokoneza perete. M'mawa mwake nduna zinakhala pabwalo nkhope zili ndwii.

"Mwinidziko," inatero Nduna ya Zanyengo ikuomba m'manja, "wailesi yathu yatenga mbali. Yatenga mbali ya mvula."

"Ndamva kale," anatero amfumu. "Aitaneni."

Anaitana mkonzi wamkulu wa wailesiyo, a Chipwaila. Anafika nthawi yomweyo. Palibe anawamenya, palibe anawaopseza. Anagwada okha, n'kuyamba okha kudzilapitsa.

"Mwinidziko, cholakwa chathu tachiona. Dzulo tinafunsa anthu onyowa okhaokha. Ouma sitinawafunse."

Nduna zonse zinagwedeza mitu. Tsiku lomwelo kunatuluka Lamulo la Mipando Iwiri. Mu situdiyo anaikamo mipando iwiri, amisiri n'kudutsitsa waya pansi pa makushoni ake kukafika ku maikolofoni. Maikolofoniyo imayaka pokhapokha mipando yonse iwiri ikhalidwe. Wonena chinthu amapatsidwa mphindi ziwiri, wokana chinthucho mphindi ziwirinso, ndipo pamapeto a Chipwaila amathokoza onse mofanana.

Vuto linali loti kupeza munthu wokana tsiku lililonse n'kovuta, anthu amakhala kumunda. Ndiye boma linalemba munthu ntchito. Dzina lawo a Kanani, udindo wawo Mkulu wa Mbali Inayo. Suti yotuwa, chikwama chopanda kanthu m'kati, nthawi ya nkhomaliro kuyambira wani koloko mpaka fili koloko. Munthu wodziwa ntchito yake. Anakanapo chilala ali ndi chigubu m'manja pamzere wa madzi. Anakanapo uthenga wa maliro a munthu amene bokosi lake ananyamula nawo dzulo lake. Anati malemuwo sanapatsidwe mpata wofotokoza.

A Chipwaila dongosololi linawayanja. Zaka khumi ndi chimodzi osaitanidwanso kubwalo. Ananenepa, khosi linasowa. Muofesi mwawo anapachika chikwangwani cholembedwa kuti SITITENGA MBALI, ndipo ankachipukuta okha m'mawa uliwonse.

Tsono umve mmene malowa alili, usadzandifunse pakati pa nkhani. Likulu lili tsidya lino la mtsinje wa Sukambirana, ndipo nyumba ya wailesi ili kufupi ndi mlatho. Ukaoloka, msewu umakwera chitunda kudutsa m'nkhalango ya amfumu, mopanda nyumba ngakhale imodzi, mpaka pa Msika wa Akuti. Potsika chitundacho pali kona yoti mlatho umauona utauponda kale. Tsiku lililonse basi ya a Binwelo imachokera kumidzi, imaima pa Akuti thuu koloko, n'kunyamuka hafu pasiti thuu kutsetserekera ku likulu. Mabuleki a basi imeneyo a Binwelo amawatchula m'mapemphero.

Ndikudziwa ukufunsa za foni. Netiweki ya pa Akuti inkapezeka pamwamba pa chulu chimodzi, kuseri kwa bucha. Chulucho chinakokoloka ndi mvula ya Lolemba.

Lachitatu, cha m'ma naini koloko, mtolankhani wina wa wailesiyi, Esinta Kaliwo, anali pafupi ndi mtsinje akupita kuntchito. Anamva khuu! Potembenuka anaona pakati ponse pa mlatho pakulowa m'madzi, zitsulo zili penupenu. Anaima kaye. Kenako anakumbukira kuti Lachitatu lomwelo amayi ake, a Nachisale, akubwera pa basi ya a Binwelo kudzaonetsa maso kuchipatala.

Anathamanga mpaka muofesi ya a Chipwaila.

"Bwana, mlatho wagwa!"

A Chipwaila anaika kapu pansi. "Akutero ndani?"

"Ine. Ndinali pomwepo. Taonani matope m'siketimu."

"Ndiye kuti iwe uli mbali ya kugwa."

"Bwana, palibe mbali. Pali madzi."

"Esinta, mwana wanga, unaphunzira bwino iwe. Madziwo ndi mbali."

"Basi imanyamuka pa Akuti hafu pasiti thuu. Mumakwera anthu osachepera sikisite. Lero muli amayi anga."

"Eee," anatero a Chipwaila. "Ndiye zavuta."

Esinta mtima unakhala pansi, kuyesa munthu wamva.

"Zavuta chifukwa nkhaniyi uli nayo pachibale. Ukanakhala wamasiye bwenzi zikumveka bwino. Komabe pita ukawatenge a Kanani, ali kubwalo. Akakhala pampando wawo, ifenso tiyankhula."

Kubwalo anapeza nduna zikukambirana ngati maambulera a boma akhale obiriwira kapena obiriwirako. Esinta anagwada pakhomo, naomba m'manja katatu monga mwa mwambo.

"Mwinidziko, mlatho wa pa Sukambirana wa..."

"Ndamva kale."

"Wagwa, mwinidziko."

Amfumu anayang'ana Nduna ya Milatho, a Chimangeni, amene anadzuka pang'onopang'ono akukonza lamba.

"Mwinidziko, mlatho umenewo ndinautsegulira ndine. Sizasi yomwe ndinadulira riboni ili kunyumba kwanga, m'kabati. Chithunzi chilipo. Mwala wolembedwa dzina langa ulipo. Nanga zonsezi zingakhalepo bwanji mlatho palibe?"

Nduna zinaomba m'manja.

"Mwinidziko," anatero Esinta, "mtsinje uli apa pomwepa. Kuyenda pansi n'kosatopetsa. Tumani munthu mmodzi akaone."

A Kanani anakweza dzanja. "Pepani mwinidziko, ine ndisatumidwe. Ndikakaona, ndidzakana bwanji? Kuona kumakondera. Zaka zonsezi ntchito yanga ndaigwira mwachilungamo chifukwa sindipita kumene zinthu zachitikira."

"Nanga inu a Chimangeni?"

"Ine ndine mwini nkhani, mwinidziko. Sindingadzifufuze ndekha."

Amfumu anamwa tiyi. "Mukakambirane pa wailesi. Anthu anga ndi anzeru, asankha okha."

Thwelofu koloko mipando yonse iwiri inakhalidwa, kanyale kofiira ka maikolofoni n'kuyaka. Esinta ananena zonse: nthawi imene mlatho unagwa, mbali imene yapita ndi madzi, kona ya pachitunda, basi ya hafu pasiti thuu. Mphindi ziwiri zitakwana a Chipwaila anaimba kabelu.

A Kanani anakhosomola mwaulemu. "Zikomo a mkonzi. Choyamba ndithokoze mlongo wathuyu chifukwa cha maganizo ake. Koma tifunse, kugwa n'chiyani? Munthu akagona pansi, wagwa? Pali akatswiri ena, sindiwatchula, amene akuti milatho imatsika nthawi ya dzinja. Komanso bwanji lero? Milatho yonse ili m'dziko muno, bwanji wagwa womwe amayi ake a mtolankhani akudzera? Ine sindikunena kanthu. Ndikungofunsa."

Kabelu.

"Mwamva nokha, omvera," anatero a Chipwaila ndi mawu awo osalala aja. "Ena akuti mlatho wagwa, ena akuti ulipo. Monga mwa nthawi zonse, zoona zili pakatikati. Tsopano timvere nyimbo."

Pa Msika wa Akuti wailesi imakhala pakhonde la a Dolofi, telala. Imalira tsiku lonse pambali pa makina osokera, itamangidwa ndi mphira kuti mabatire asagwe. Pafupi pomwepo mayi Nagama amagulitsa tomato.

"A Dolofi, yati chiyani?" anafunsa mayi Nagama akuunjika tomato.

"Yati zoona zili pakatikati."

"Pakatikati pa mlatho?"

"Kaya. Ndiye kuti theka ulipo."

"Theka lake liti, lopitira kapena lobwerera?"

A Dolofi analuma ulusi n'kuulavula. "Mayi, ine wailesi iyi ndimaitsegulira nyimbo ndi nthawi."

"Nthawiyonso anaikana sabata yatha."

"Anaikana, eya. Ndinatseka shopu masana dzuwa lili pamutu." Anapondanso makina. "Ndikuuzeni ine, akayamba kutiuza za milatho ndiye kuti akukweza shuga. Chaka chatha anatiuza za dzombe sabata yathunthu, podzidzimuka sopo wasowa."

"Dzombelo linabwera koma."

"Linabwera. Koma sopo anasowa."

Wogula wina anati mlamu wa msuweni wake anamva kwa munthu wodalirika kuti mlathowo anaugulitsa kale kwa anthu akunja, akumautenga pang'onopang'ono. Nkhani imeneyo inayenda msika wonse pasanathe ola, chifukwa inalibe mbali inayo. Koma sinanene kuti mlatho watha liti, choncho aliyense anaona kuti wotsalawo ukwanira lero.

Thuu koloko basi ya a Binwelo inalowa pamsika ikutsokomola utsi, padenga pali matumba, njinga ndi mbuzi imodzi. A Binwelo anatulutsa mutu pawindo.

"Atelala! Kuli chiyani kutsogoloku?"

"Wailesi yati mlatho wagwa."

"A Kanani ati chiyani?"

"Ati ulipo."

"Ndiye zamasiku onse," anatero a Binwelo, n'kutsika kukagula chimanga chootcha.

Nthawi yomweyo kutsidya, Esinta anali ataima pakhomo la situdiyo. Anali atayesa kale kukuwa pamtsinje, koma tsidya linalo kunali mitengo yokhayokha. Anali atapempha anyamata a mabwato a mchenga kuti aoloke, iwo n'kumulozera madzi mmene ankathamangira ndi mitengo yathunthu.

"Bwana, tibwereze. Kamodzi kokha."

"A Kanani ali ku nkhomaliro mpaka fili koloko," anatero a Chipwaila.

"Khalanipo inu pampandopo."

A Chipwaila anagwira pachifuwa. "Ine? Mkonzi? Ndikhale mbali?"

"Mlonda nanga?"

"Mlonda anakaona. Wabwera akunjenjemera. Ameneyo ndi wa mbali yako."

Esinta anayang'ana wotchi ya pakhoma, nayang'ana chikwangwani chopukutidwa bwino chija. Kenako anafunsa mofatsa, ngati mwana wasukulu wofuna kuphunzira.

"Bwana, nkhaniyi tikunena ndani?"

"Mlatho."

"Tauneneza pamaso pa dziko lonse kuti wagwa. A nduna ayankhulapo, a Kanani ayankhulapo, ine ndayankhulapo. Mwiniwakeyo tamufunsa?"

A Chipwaila nkhope inasintha. Zaka zonsezi akuphunzitsa achinyamata kuti wonenedwa apatsidwe mpata, lero iwo omwe aulutsa nkhani osafunsa wonenedwayo.

"Mwana iwe," anatero motsitsa mawu, "anthu akamva zimenezi ndathera pomwepo. A Mlathowo angabwere?"

"Ndikawatenga."

Anabwereka wilibala kwa amayi ogulitsa mchenga. M'mphepete mwa mtsinje munali chibenthu cha mlatho uja, cha konkire, chachikulu ngati thumba la chimanga, chitsulo chopindika chitatulukira pamwamba. Amayi atatu anamuthandiza kukweza. Anakankha wilibala ija chitunda chonse, tayala likulira, thukuta lili kamukamu, mpaka m'khonde la wailesi. A Chipwaila anavula jekete n'kuthandizana ndi mlonda kunyamula. Pochikhazika pampando wachiwiri anachipepesa chifukwa cha kuchedwa kuchiitana.

Mpando unalira. Esinta anakhala pa wake. Kanyale kanayaka. Wotchi inali itadutsa thuu twente.

Pa Akuti anthu anali atakwera kale. A Binwelo anali ataliza injini, akumaliza chimanga chawo. Mayi Nachisale anali pawindo lachitatu, nkhuku ili pamiyendo, moyang'anizana ndi khonde la a Dolofi. Nyimbo inadukira pakati.

"Omvera athu," anatero mawu a Esinta, "tikubwereza uthenga wakuti mlatho wa pa Sukambirana unagwa m'mawa uno nthawi ya..." Anaima. Kunamveka kupuma. Atayambanso, mawu a pa wailesi aja anali atachoka, kunatsala a kunyumba. "Amayi. Amayi, ndine Esinta. Ndikudziwa muli pawindo, mumakana kukhala pakati chifukwa cha mseru. Tsikani. Mlatho kulibe, ndauona ndi maso angawa. A Binwelo, chonde zimitsani galimoto. Amayi, tsikani, ndakupemphani."

Anthu m'basi anatembenukira kwa mayi Nachisale.

"Ndi mwana wanu ameneyo, mayi?" anafunsa a Binwelo.

"Mawuwo ndi ake."

"Amanama?"

"Kunyumba sanandinamizepo."

"Ndiye titani?"

Mayi Nachisale anakonza nkhuku pamiyendo. "Panopa sali kunyumba. Dikirani timve a mbali inayo."

Kabelu kanalira. Kunabwera mawu a a Chipwaila, onyadira kuposa masiku onse.

"Omvera, wailesi yanu sitenga mbali. Lero pampando wachiwiri tili ndi mwini nkhani weniweni. A Mlatho, takulandirani. Mwamva zimene akukunenerani. Muli ndi mphindi ziwiri."

Chete.

A Dolofi anasiya kupalasa makina.

Chete. Kenako kaphokoso kakang'ono: tho. Tho. Madzi akudontha kuchoka pampando kugwera pasimenti.

"Mabatire," anatero a Dolofi. Anaimenya wailesi kumbuyo. Anatulutsa batire limodzi, kulinyambita, kulibwezera. Tho. Tho.

"A Mlatho," anatero a Chipwaila, "mwina funso silinamveke. Kodi mukukana kuti munagwa?"

Tho.

"Muli omasuka. Ngakhale kungofunsa mafunso n'kololedwa."

Tho. Tho.

Msika wonse unali utaima. Wa chimanga anasiya kukupiza moto. Wa bucha anatuluka ndi chikwanje m'manja. Mphindi ziwiri ndi nthawi yaitali, aise, ukayesa kuikhala chete. A Chipwaila sanadule ngakhale sekondi imodzi, lamulo ndi lamulo. Kenako kabelu.

"Omvera," anatero, pang'onopang'ono chifukwa chiganizo chotere anali asanachinenepo, "a Mlatho sanakane."

Mayi Nagama anapukuta manja pachitenje. "Mpando umenewo," anatero osakweza mawu, "unakana kolera mwana wanga ali pa diripi. Unakana njala ife tikudya gaga. Lero wapatsidwa mphindi ziwiri zathunthu, wasowa chonena."

"Mwina ndi wamanyazi," anatero a Dolofi. Palibe anaseka, ngakhale iwo omwe.

M'basi, mayi Nachisale anaimirira, nkhuku kukhwapa. "Tandipatsani njira, ana inu." Anatsika. Pambuyo pawo panatsika mayi wa mwana kumbuyo, kenako abambo awiri, kenako onse mopanikizana pakhomo. Mwini mbuzi anakwera padenga kukamasula mbuzi yake.

A Binwelo anatsala okha ndi chitsononkho m'manja. Anayang'ana mipando yopanda anthu, n'kuzimitsa injini.

"Tiyeni tikaone," anatero. "Koma mukaupeza ulipo, mukankha basi iyi mpaka ku likulu."

Anatsika chitunda wapansi, gulu lonse, a Dolofi ali ndi tepi yoyezera m'khosi. Atakhota pakona paja a Binwelo anaima mwadzidzidzi moti wa kumbuyo anawagunda. Msewu unkathera m'malere. Pansi madzi ofiira ankadutsa ndi mtengo wa mango wathunthu, mizu ili m'mwamba. A Binwelo anayang'ana phompho lija, anayang'ana kona, anayang'ananso phompho. Kenako anakhala pansi pamsewu pomwepo, n'kuvula chipewa.

A Dolofi anasuzumira. "Si theka," anatero.

Kutsidya kunali Esinta, siketi ili matope okhaokha, akudumphadumpha. Madzi ankasokosera moti aliyense ankachita kukuwa.

"Amayi! Amayi! Mwandimva!"

"Ndakumva!"

"Ndimadziwa kuti mundimvera!"

"Ati chiyani?" mayi Nachisale anafunsa a Dolofi.

"Akuti amadziwa kuti muwamvera."

Mayi Nachisale anaika dzanja pakamwa ngati chitoliro. "Ndamvera a Mlatho!"

Esinta anasiya kudumpha. "Nanga ine?"

"Iwe ndiwe wa pa wailesi, mwana wanga! Aja sanalembedwe ntchito!"

Esinta anaima pomwepo, manja ali lende. Kenako anayamba kuseka, kapena kulira, patali sizinkaoneka bwino. Amayi ake anamukwezera nkhuku m'mwamba kuti aione.

Lachinayi nduna zinakhalanso pabwalo. A Kanani anadandaula kuti mpando wawo wakhalidwa ndi munthu wosaphunzira ntchito, wanyowetsanso kushoni. A Chimangeni anati ngakhale zili choncho sizasi ikadali m'kabati. Kenako Nduna ya Zomvamva, amene ntchito yawo ndi kuzungulira m'misika, anapereka lipoti.

"Mwinidziko, nkhani ndi yodabwitsa. Anthu ayambanso kutsegula wailesi nthawi ya nkhani. M'misika monse akuti m'nyumba ya wailesi muli mmodzi yekha wonena zoona."

"A Chipwaila?"

"Ayi."

"Mtsikana uja?"

"Chibenthu chija, mwinidziko."

Kwa nthawi yoyamba chilowereni ufumu, amfumu sananene kuti amva kale. Anaganiza mpaka tiyi anazizira. Kenako analamula zinthu zitatu. Choyamba, a Mlatho alembedwe ntchito lero lomwe ngati Mkulu wa Mbali Inayo, apatsidwe tayi ndi ofesi. Chachiwiri, popeza a Mlatho ndi munthu wosachulutsa mawu, a Kanani akwezedwe akhale mneneri wawo, azifotokozera mtundu zimene kukhala chete kwawo kukutanthauza. Chachitatu, Esinta Kaliwo apume kaye milungu iwiri chifukwa chotenga mbali ya okwera basi.

A Chipwaila anapatsidwa mendulo.

Lachisanu masana, pa Akuti, anthu anadzaza khonde la a Dolofi. Mayi Nachisale analipo, poti njira yoolokera pafupi inali isanapezeke ndipo ankagona kwa mayi Nagama. Nkhani ya tsikulo inali yoti kusukulu ya pa Akuti denga lasasuka. Mphunzitsi wamkulu, amene anazungulira ulendo wa tsiku lathunthu kudzera kumtunda kuti akafike ku wailesi, ananena zake mphindi ziwiri. Kabelu. Kenako chete wa a Mlatho, wouma tsopano, wopanda kudontha. Anthu anagwedeza mitu mokhutira.

Ndiye kunamveka kukhosomola kwaulemu.

"Zikomo a mkonzi. Zimene a Mlatho akutanthauza apa n'zakuti denga lilipo. Akufunsanso kuti bwanji lero."

Kuseri kwa khondelo sukulu inkaoneka bwinobwino, ana atakhala m'kalasi dzuwa likuwawomba pamutu.

A Dolofi anatambasula dzanja, kuzungulitsa kabatani kufunafuna nyimbo, n'kukumbukira kuti wailesi ndi imodzi yomweyo.

"Masiku awiri okha," anatero mayi Nagama. "Mwala wadya chibanzi."

"Tayi ija ndinaikayikira," anatero a Dolofi. Anatembenukira kwa mayi Nachisale. "Nanga inu mayi, tsopano muzimvera ndani?"

Mayi Nachisale anamwaza timadeya pansi kuti nkhuku yawo itole.

"Akuti mwana wanga amuimitsa ntchito milungu iwiri," anatero. "Madzi akangophwa ndioloka. Ndikufuna ndikamufunse zinthu zambiri asanabwerere ku wailesi."

Ine ndaimira pamenepo, aise. Tsopano ndi nthawi yako. Kwanuko mpando wachiwiri amakhalapo ndani, ndipo anakanapo chiyani iwe ukuchiona ndi maso? Lemba m'munsimu mmene zinachitikira kwanu. Ndipo amene ukufuna kulemba kuti mlathowo sunagwe, lembanso, malo alipo. Ungoyamba wapita kumtsinje.